Funsani Tikuyankheni: Ndani Anatsekera Formula 1 M'kanema Wolipira?

Mwezi uno talandira makalata angapo a nkhani imodzi, ochokera kwa okonda mipikisano ya liwiro la magalimoto omwe akuti kuonera Formula 1 pompopompo kwasanduka mwayi wa anthu a matumba olemera okha. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Akonzi, ndakhala ku Britain kuyambira 2006. Mu 2008, pamene Lewis Hamilton anatenga ukatswiri wa dziko lonse koyamba, ndinaonera mpikisano womaliza wa ku Brazil pa kanema wamba kunyumba kwanga popanda kulipira chapadera chilichonse, ndipo kuchokera tsiku limenelo masewerawa anandilowerera. Lero ndikafuna kuonera ndi ana anga ndiyenera kulipira mwezi ndi mwezi. Kodi chinasintha n'chiyani, nanga anavomereza zimenezi ndani? Bambo wa ana atatu, Leeds.

Yankho: Zikomo bambo, tsikulo mwalikumbukira bwino. Linali la 2 Novembala 2008 pa bwalo la Interlagos mumzinda wa São Paulo, pamene Hamilton anapitirira Timo Glock pa makona omaliza a ulendo womaliza wozungulira bwalo, n'kumaliza pa nambala 5, ndipo zimenezo zinam'patsa ukatswiri ndi pointi imodzi yokha pamwamba pa Felipe Massa. Munaonera pa ITV, ndipo umenewo unali mpikisano wotsiriza umene kanemayo anaonetsa atagwira ntchitoyi kuyambira 1997.

Kuti zomwe zinatsatira zimveke, tiyambe tadziwa mwini wake wa zithunzi zomwe timaonazo. Bungwe la FIA, lomwe likulu lake lili ku Paris, ndilo limakhazikitsa malamulo a mpikisano, koma malonda ake ali m'manja mwa kampani ya Formula One Management, imene Bernie Ecclestone anaimanga pang'onopang'ono kuchokera pa mgwirizano wa Concorde wa 1981, pamene matimu anamvana kuti ufulu woulutsa uzigulitsidwa pamodzi m'malo moti mwini bwalo aliyense azikambirana payekha ndi makanema. Mu 2001 FIA inapereka ufulu wa malondawo kwa zaka 100, ndipo mu Januwale 2017 kampani ya ku America ya Liberty Media inagula bizinesi yonseyo. Formula One Management ndiyo imaika makamera ake m'mbali mwa msewu, pamagalimoto ndi m'helikoputala, zithunzi n'kumasanjidwa pa malo ake a ku Biggin Hill pafupi ndi London zisanatumizidwe m'mayiko. Choncho makanema ngati Sky, SuperSport ndi Canal+ sajambula okha mpikisano weniweniwo. Amagula chilolezo choonetsa zithunzizo m'dziko lakutilakuti kwa zaka zakutizakuti, kenako ambiri amaikapo ofotokozera awo.

Kagulitsidwe ka chilolezochi kamafanana ndi ka ku okushoni, chifukwa wopereka zambiri ndiye amanyamula katundu. Kanema waulere amapeza ndalama kwa otsatsa malonda, kapena, monga ilili BBC, ku msonkho wa chiphaso cha kanema chomwe mabanja amalipira chaka ndi chaka. Kanema wolipira amapeza ndalama kwa munthu aliyense wolembetsa, ndipo chimene chimam'koka munthuyo kulembetsa ndi kudziwa kuti chomwe akufunacho sakachipeza kwina. Mwini chigayo chomwe chili chokha m'dera lonse amadziwa kuti amayi abwera ndithu ngakhale mtengo ukwere, koma chigayo china chikangomangidwa tsidya la mtsinje, mphamvu yake imatha tsiku lomwelo. N'chifukwa chake kampani yolipira imalolera kutulutsa ndalama zomwe kanema waulere sangazifike, malinga ikhale yokha. Mbali yaikulu ya ndalamazo imagula chinthu chomwe sitichiona ndi maso, ndicho lonjezo lakuti wina aliyense m'dzikomo sadzaloledwa kuonetsa.

Ku Britain zinthu zinayenda motere. BBC inatenganso mpikisanowu mu 2009, koma mu 2010 boma linaimitsa kukwera kwa msonkho wa chiphaso kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo BBC inakakamizika kuchepetsa ndalama zomwe imagwiritsa ntchito. Mu Julaye 2011 inalengeza kuti kuyambira 2012 idzagawana ndi Sky, kuti Sky izionetsa mipikisano yonse pompopompo pa tchanelo chake chatsopano cha Sky Sports F1, pamene BBC izionetsa theka lokha, theka linalo n'kumangoonetsa chidule mpikisano utatha. Kumapeto kwa 2015 BBC inatuluka kutatsala zaka zitatu kuti mgwirizano wake uthe, Channel 4 n'kulowa m'malo mwake. Kenako mu Malichi 2016 kunalengezedwa kuti kuyambira 2019 Sky idzakhala yokha, kupatula mpikisano wa pakhomo wa ku Silverstone, umene umaonetsedwanso mwaulere pa Channel 4 pamodzi ndi chidule cha mipikisano inayo. Mu 2022 mgwirizano wa Sky unawonjezedwa kufikira 2029.

Si Britain yokha. Ku France mpikisanowu unachoka pa TF1 kupita ku Canal+ mu 2013, chaka chomwecho Sky inalowa ku Italy, ndipo ku Germany kanema waulere wa RTL, amene anaonetsa mipikisano kuyambira 1991 ndi kulera mbadwo wonse wa ochemerera Michael Schumacher, anasiya kumapeto kwa 2020. Pa funso lanu lomaliza, amene anavomereza ndi eni malonda a mpikisano ndi makanema ogulawo, ndipo matimu sanatsutse kwenikweni popeza amalandira gawo la ndalamazo. Oonerera sanafunsidwe, ndipo palibe lamulo lomwe limakakamiza aliyense kuwafunsa.

Funso: Ine ndine makaniko, ndipo pagalaja pathu timakonda kukambirana za injini za magalimoto a mpikisanowa. Chomwe sitimvetsa n'chakuti zithunzi zimadutsa mumlengalenga momwemu, nanga makanema athu a m'dziko muno amalephera bwanji kuzitenga n'kutionetsa, monga amachitira nthawi zina ndi mpira? Makaniko wa ku Biwi, Lilongwe.

Yankho: Achimwene, zithunzizo zimadutsadi pamwamba pa galaja lanulo, koma zimabwera zokhomedwa, ndipo kiyi wake ali m'dikoda ya munthu amene walipira. Ngakhale kanema wina atapeza njira yozitsegulira, kuziulutsa popanda chilolezo n'kuba katundu wa eni ake, ndipo mlandu wake ndi waukulu.

Eni Formula 1 sakambirana ndi dziko lililonse la mu Africa palokha. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara amagulitsidwa ngati mtolo umodzi, ndipo kwa zaka zambiri wogula mtolowo wakhala SuperSport ya kampani ya MultiChoice, yomwe imafika m'nyumba zathu kudzera pa DStv, pamene mayiko olankhula Chifalansa amaonera pa Canal+. Kuyambira Seputembala 2025 Canal+ ndiyo mwini MultiChoice, kotero kuti zitseko ziwirizo tsopano zili pa nyumba imodzi. Kanema wa ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Tete atafuna kuonetsa mpikisano, angayenere kupempha kachilolezo kwa amene anagula mtolo wonsewo, ndipo mwini chigayo uja sakhala ndi chifukwa chothandizira mnzake kumanga china pafupi. Mpira wa chikho cha dziko lonse umasiyana chifukwa FIFA imagulitsa padera chilolezo cha makanema olipira ndi cha makanema aulere, njira yomwe Formula 1 sinaikhazikitse kuno.

Tiyerekeze kuti chilolezocho chapezeka. Mtengo wake ungakhale wa madola, ndipo mukudziwa nokha, inu amene mumagula masipeyala ochokera kunja, momwe ndalama zakunja zimavutira, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kanemayo angayenere kubweza ndalamazo kudzera mwa otsatsa malonda pa mipikisano yoposa 20 pachaka (mu 2024 ndi mu 2025 inali 24), chonsecho mipikisano yambiri ya ku Ulaya imayamba cha m'ma 3 koloko masana Lamulungu, nthawi yomweyo imene mabwalo athu a mpira amakhala atadzaza. Mkulu wa kanema aliyense wowerengera bwino angasankhe mpira wa m'dziko muno, ndipo ine sindingamunene.

Kuipa kokhala ndi khomo limodzi tinakuona mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv ku Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA. Nkhaniyo inapita kukhoti ndipo ntchito inapitirira, koma kwa masabata amenewo wokonda Formula 1 aliyense anazindikira kuti khomolo likatsekeka palibe zenera lolowera. Pa za injini zomwe mumakambiranazo, dziwani kuti kuyambira 2014 magalimotowa amayendera injini ya malita 1.6 okha, ya masilinda 6 ndi tebo, yothandizidwa ndi magetsi, kukula kwake kosasiyana kwenikweni ndi kwa galimoto wamba yomwe mumakonza tsiku ndi tsiku, komabe imapitirira makilomita 300 pa ola. N'zomvetsa chisoni kuti anthu amene angamvetse bwino luso limeneli ndi amene sakuliona.

Funso: Amuna anga amadandaula mlungu uliwonse za mtengo woonera mipikisanoyi, koma ine ndimawauza kuti chaulere kulibe, ndipo magalimoto odula chotero sangayende popanda wina kulipira. Kodi ndikulakwitsa? Mphunzitsi, Chipata.

Yankho: Mayi, simukulakwitsa, ndipo ndiyamba ndi mbali yanu chifukwa odandaula ambiri amailumpha. Mu 2024 Formula 1 inapeza madola pafupifupi 3.4 biliyoni, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazi linachokera ku makanema. Matimu anagawana madola oposa 1.2 biliyoni. Kwa timu yaing'ono ndalama zimenezi ndizo zimalipira mainjiniya ndi amakaniko, ndipo mbiri ya masewerawa yadzaza ndi matimu omwe anagwa chifukwa chosowa ndalama, monga HRT mu 2012, Caterham mu 2014 ndi Manor kumayambiriro kwa 2017. Lero kuli malire a ndalama zomwe timu ingagwiritse ntchito pachaka, omwe anayamba mu 2021 pa madola 145 miliyoni, ndipo malirewa pamodzi ndi ndalama za makanema achititsa kuti kukhala ndi timu kusakhalenso njira yachidule yopita ku umphawi.

Komanso wolipira amalandiradi zambiri. Amaonera zoyeserera za Lachisanu, mpikisano wa Loweruka wofuna malo oyambira, ndi wa Lamulungu wopanda kudukiza. Akale a ku Britain sanaiwale zomwe zinachitika mu 2005 ku Imola, pamene Fernando Alonso ankatsekereza Michael Schumacher m'maulendo omaliza, ITV n'kudula kuti ionetse malonda. Kanema waulere ali ndi mtengo wakenso, kungoti umalipiridwa m'njira ina.

Pamene ndikusiyana nanu ndi apa. Kanema wolipira amagulitsa kwa munthu amene amakonda kale masewerawa, chifukwa palibe amene amalipira mwezi ndi mwezi chinthu chomwe sanachionepo. Bambo wa ku Leeds amene kalata yake ili pamwambayi sanakonze zokhala wochemerera. Anangopeza mpikisano uli pa kanema tsiku lina Lamulungu, ndipo zinam'komera. Okonda masewera ambiri amabadwa mwangozi motero, ndipo chitseko chikatsekedwa, ngozi yabwinoyo sichitikanso. Ziwerengero za eni mpikisano zinaonetsa anthu pafupifupi 600 miliyoni oonera mu 2008, ndipo pofika 2017 anali pafupifupi 352 miliyoni. Kawerengedwe kanasinthako m'zaka zimenezo, choncho si kutsika konse komwe kungaikidwe pa makanema olipira, komabe zaka zimenezo ndi zomwe mayiko akuluakulu a ku Ulaya ankatseka zitseko.

Umboni wakuti njala ilipo unaoneka pa 12 Disembala 2021, pamene Hamilton ndi Max Verstappen anafika pa mpikisano womaliza wa ku Abu Dhabi ali ndi mapointi ofanana. Sky inalola Channel 4 kuonetsa pompopompo tsiku limenelo, ndipo anthu oposa 7 miliyoni ku Britain anaonera nthawi imodzi. Kampani yolipirayo sinagwe chifukwa chotsegula khomo tsiku limodzi. Ku Austria, makanema aulere a ORF ndi ServusTV akhala akugawana mipikisano kuyambira 2021. Ku Brazil masewerawa akhala pa kanema waulere, kwa zaka zambiri pa Globo, kenako pa Band kuyambira 2021 mpaka 2025. Ngakhale ku Germany, Sky inagwirizana ndi RTL kuti mu 2024 mipikisano isanu ndi iwiri ibwerere poyera. Zitsanzo zimenezi zikusonyeza kuti pakati pa kutsegula zonse ndi kutseka zonse pali malo aakulu oimapo, ndipo ine ndikuona kuti mipikisano inayi kapena isanu yaulere pachaka ingapindulitse ngakhale wogulitsayo, popeza mwana woonera mwaulere lero ndiye wolembetsa wa zaka zikubwerazo.

Eni mpikisano ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda pake. Liberty Media inamasula zithunzi pa YouTube ndi pa masamba a mchezo, zomwe Ecclestone ankazikaniza, ndipo mafilimu ofotokoza moyo wa m'matimu omwe anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2019 anakoka achinyamata ndi amayi ambiri. Mabwalo akudzaza, moti ku Silverstone kunafika anthu 480,000 m'masiku a mpikisano wa 2023. Komabe chidule cha mphindi zochepa sichilowa m'malo mwa mpikisano weniweni. Kukoma kwa Formula 1 kuli pa kusadziwa: ngati matayala apirira maulendo ena khumi, ngati mvula yomwe ikuoneka kuphiri ifika pamsewu, ngati timu iitana dalaivala wake msanga kapena idikira. Chidule chimafika foni itakuuzani kale wopambana, ndipo chimakusankhirani zoti muone, mwina n'kusiya zomwe zinapangitsa kuti wopambanayo apambane. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Auzeni bambo akunyumbawo kuti kudandaula kwawo n'komveka, koma awonjezerepo kuti amayi nawonso akunena zoona.

Funso: Ndinamva kuti eni mpikisano ali ndi njira yawoyawo yoonetsera pa intaneti, koma mchimwene wanga wa ku Britain akuti kwawoko sizitheka kuonera pompopompo. Anzanga ena amaonera pa masamba aulere, ena amabisa dziko limene ali. Kodi njira zimenezi n'zololedwa? Wogwira ntchito yomanga, Johannesburg.

Yankho: Njira yomwe mukunenayo ndi F1 TV, imene inayamba mu 2018. Ili ndi magawo: lotsika mtengo limapereka nthawi za magalimoto ndi mipikisano yakale, pamene lokwera limaonetsa pompopompo ndipo limalola munthu kusankha kamera ya m'galimoto ya dalaivala amene akufuna. Gawo lokwerali limagulitsidwa m'mayiko okhawo amene mgwirizano wa makanema ukulola. Ku Britain ndi ku Italy kulibe, ndipo ku Germany anasiya kulandira olembetsa atsopano Sky itatenga zonse. Mchimwene wanu wanena zoona, ndipo chifukwa chake ndi lonjezo lija lakuti wogula adzakhala yekha, lomwe limamanganso manja a mwini katundu.

Kubisa dziko limene muli pogwiritsa ntchito VPN kumaphwanya mfundo zomwe munavomera polembetsa, ndipo kampani ikhoza kukutsekerani ngakhale mutalipira kale, popeza imayang'ananso dziko la khadi yomwe mwalipirira. Masamba aulere amene amaba zithunzi ndi osaloledwa m'malamulo, ndipo ngakhale tiike malamulo pambali, amadukaduka pamene mpikisano wafika pokoma, amachedwa kotero kuti mnzanu amakuuzani zotsatira musanazione, ndipo ambiri amadzaza ndi misampha yobera manambala achinsinsi a foni ndi a ku banki. Kwa abale a kumudzi palinso nkhani ya bandulo, chifukwa maola awiri a zithunzi zooneka bwino amadya magigabaiti angapo.

Ambiri ankayembekeza kuti intaneti igwetsa mpanda, koma mpandawo unangosamuka. Ku United States, ESPN itaonetsa kuyambira 2018 mpaka 2025, Apple inatenga chilolezo cha zaka zisanu kuyambira 2026, ndipo nayonso inagula kuti ikhale yokha. Mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP, umene anthu a ku South Africa amautsatira chifukwa cha Brad Binder, unayenda njira yomweyo ku Britain pamene unachoka pa BBC kupita ku BT Sport mu 2014, ndipo kuyambira 2025 nawonso uli m'manja mwa Liberty Media. Zololedwa zaulere zilipo ndithu ngakhale n'zochepa: chidule cha pa YouTube ya Formula 1 chimatuluka mpikisano utangotha, ndipo mchimwene wanuyo akhoza kumvera mipikisano pompopompo pa wailesi ya BBC, monga momwe makolo athu ankamvera mpira.

Funso: Kodi boma silingakhazikitse lamulo lokakamiza kuti mipikisano yotereyi izionetsedwa mwaulere? Wophunzira malamulo, Zomba.

Yankho: Malamulo otere alipo m'mayiko ambiri, koma amateteza masewera okhawo amene dziko limawaona ngati chuma cha fuko lonse. Ku Britain lamulo la zoulutsa la 1996 lili ndi mndandanda umene bungwe la Ofcom limauyang'anira, ndipo m'gulu lake loyamba muli masewera a Olympics, chikho cha dziko lonse cha mpira, ndime yomaliza ya FA Cup, ndime zomaliza za Wimbledon ndi mpikisano wa akavalo wa Grand National. Formula 1 mulibe, ngakhale mpikisano woyamba wa ukatswiri wa dziko lonse unachitikira ku Silverstone mu 1950 ndipo matimu ambiri ali ndi mafakitale awo m'dzikomo. Kuti mpikisano wa ku Silverstone uzioneka mwaulere ndi nkhani ya mgwirizano wa malonda chabe, umene ukhoza kusintha. Ku Italy zinthu n'zosiyana, chifukwa mpikisano wa ku Monza uli pa mndandanda wa bungwe la AGCOM ndipo uyenera kuonetsedwa poyera. Zindikirani kuti ngakhale kumeneko chotetezedwa ndi mpikisano wa pakhomo wokha, osati ya chaka chonse.

Apa ndi pamene kwathu kuno timafookera. Ku South Africa bungwe la ICASA lili ndi mndandanda wa masewera a fuko, koma Africa yakhala yopanda mpikisano wa Formula 1 kuyambira 1993, pamene Alain Prost anapambana pa bwalo la Kyalami. Katswiri wa dziko lonse yekhayo wochokera mu Africa ndi Jody Scheckter wa ku South Africa, amene anapambana ndi Ferrari mu 1979. Mu Disembala 2024 Pulezidenti Paul Kagame analengeza ku Kigali kuti Rwanda ikufuna kulandira mpikisano, ndipo South Africa nayo ikufuna kuubwezera ku Kyalami. Zimenezi zitatheka, mfundo yopempha kuti mpikisano umodziwo uzioneka mwaulere mu Africa ingakhale ndi miyendo. Koma kunena kuti mpikisano wochitikira ku Monaco, wopanda dalaivala kapena timu ya kwathu, ndi chuma cha fuko la Malawi, n'kovuta kukuteteza pamaso pa woweruza aliyense. Ngati mukufuna mutu wa kafukufuku wanu, ndikanakulangizani kuyamba ndi masewera a Flames ndi a Queens.

Funso: Ndili ndi kanyumba koonetsera mpira, ndipo anyamata ena andipempha kuti ndiziikanso mipikisano ya magalimoto. Kodi ndingagwiritse ntchito dikoda ya kunyumba, nanga malonda ake angayende? Mwini vidiyo shoo, Ndirande.

Yankho: Bambo, chilolezo cha kunyumba ndi cha banja lanu lokha. Mukamalipiritsa anthu pakhomo, kapena kuonetsa pamalo a malonda, mukufunika kulembetsa ngati bizinesi kwa kampani yomwe imakupatsani zithunzi, ndipo ndi bwino kufunsanso ku bungwe la COSOMA za chiphaso choonetsera poyera, popeza lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limatetezanso zoulutsidwa. Musanalipire, onetsetsani kuti mtolo wa matchanelo umene mukugula ulidi ndi tchanelo cha mipikisano ya magalimoto, chifukwa nthawi zambiri sichipezeka m'mitolo yotsika mtengo imene imakwanira pa mpira.

Pa za malonda, ndikuona kuti nyumba ngati yanu ndiyo njira yokhayo yololedwa imene ingafikitse masewerawa kwa mnyamata amene sangalipire yekha, popeza mtengo umagawidwa pa mitu yambiri. Vuto lanu lalikulu lidzakhala nthawi. Mipikisano ya ku Ulaya idzalimbana ndi mpira wa Lamulungu masana, ndipo pa kanema mmodzi mpira udzapambana. Yambani ndi ya ku Australia, Japan ndi China, imene kuno imachitika m'mawa nyumba yanu ikakhala yopanda anthu, kenako muyese ya ku America, Mexico ndi Brazil, yomwe yambiri imafika usiku. Mpikisano umodzi ndi makilomita pafupifupi 305, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wa Blantyre kukafika ku Lilongwe, ndipo umatha pa ola limodzi ndi theka ngati palibe ngozi kapena mvula. Ikachitika ngozi yaikulu amaimitsa n'kuyambiranso, choncho mafuta a jenereta muzisunga okwanira maola atatu.